Kuno "tea" amadya ndi foloko

Chingerezi chimene tinaphunzira kusukulu ndi chabwino ndithu. Chimakudutsitsa pa bwalo la ndege, chimakulembetsa ntchito, ndipo ukamalankhula ndi dokotala kapena loya sichikuchititsa manyazi. Koma ukalowa nacho m'khitchini ya Mngerezi wa kumpoto chimayamba kutsimphina. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'tauni ina pafupi ndi Manchester, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyi ndi chakudya basi: kumufunsa munthu chimene akufuna, kumukonzera, kumunyengerera kuti adye, kenako kulemba m'buku zimene wadya ndi zimene wamwa. Apa m'pamene umaona kuti eni chilankhulowo sagwirizana pa mayina a zinthu zimene amadya tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti kusagwirizanako si kwachisawawa. Dzina limene munthu watchula limaulula kumene anabadwira, ntchito imene bambo ake ankagwira, ngakhale mtundu wa sukulu imene anapita.

Mkangano waukulu uli pa mayina a nthawi zodyera. Ife anatiphunzitsa breakfast, lunch ndi supper, ndipo amene tinagonera kusukulu sitingaiwale belu la supper ndi nyemba zake. Ku London ndi madera ambiri a kummwera amati breakfast, lunch, dinner. Kuno ku Lancashire, ku Yorkshire, ku Newcastle ndi m'mabanja ambiri a ku Scotland, tsiku limayenda chonchi: breakfast m'mawa, dinner masana, tea madzulo. Tea ameneyu amabwera pa mbale cha m'ma 5 kapena 6 koloko, ndipo amadya ndi mpeni ndi foloko. Akhoza kukhala masoseji ndi mbatatesi yopondaponda, nsomba ndi chipisi, kapena mazira ndi nyemba za m'chitini. Kapu ya tiyi ikhalepo kapena isakhalepo, palibe amene amadandaula. Mwana akalowa m'nyumba n'kufuula kuti "What's for tea?", akufunsa za ndiwo. Supper nayo kuno inatsitsidwa udindo: ndi kabisiketi kapena kachidutswa ka tositi ndi chakumwa chotentha munthu asanagone. Koma kwa anthu opeza bwino a kummwera, supper ndi chakudya chamadzulo chenicheni, chodyera kukhitchini ndi anzako apamtima popanda kuvala jekete. Ukakwera mpaka ku Glasgow, fish supper ndi nsomba ndi chipisi zogula pa shopu, ngakhale uzigule dzuwa lili paliwombo.

Chipwirikitichi chili ndi mbiri yake. Kalekale dinner chinali chakudya chachikulu cha tsikulo, ndipo wolemera ndi wosauka yemwe ankachidya masana. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 olemera anayamba kuchikankhira madzulo pang'onopang'ono mpaka chinakafika 7 kapena 8 koloko usiku. Iwo analibe chowadzutsa m'bandakucha, ndipo makandulo sanali vuto kwa iwo. Mpata umene unatsala masana anautseka ndi luncheon, kapena kuti lunch, ndipo kanjala ka m'ma 4 koloko anakaphera ndi afternoon tea, tiyi wa makeke ndi timasangweji, mwambo umene anthu amati anautchukitsa ndi Anna, Duchess wa ku Bedford, cha m'ma 1840. Koma munthu wa m'fakitale ya thonje ku Bolton kapena wa mumgodi wa malasha ku Barnsley sakanadikira 8 koloko. Iye anapitiriza kudya dinner pa ola lopuma la masana, ndipo akaweruka ankapeza chakudya patebulo pamodzi ndi tiyi wamphamvu. Chakudyacho chinatengera dzina chakumwacho. Ndicho chimene chinkatchedwa high tea, ndipo ine ndimaseka ndekha ndikaona pa Facebook zithunzi za "high tea" wa m'mahotela a ku Lilongwe, azimayi atatchena zipewa zikuluzikulu. High tea weniweni anali wa anthu obwera kuntchito manja ali bii, wa nyama yozizira, buledi ndi tchizi. Wa zipewayo ndi afternoon tea. Komabe azimayi athu sali okha, mahotela a ku America nawonso amasokoneza chimodzimodzi.

Mu 2018 a YouGov, kampani yofufuza maganizo a anthu, atafunsa anthu a ku England, 57 mwa anthu 100 alionse anati chakudya chamadzulo ndi dinner, 36 anati tea, ndipo 5 okha anati supper. Kumpoto kuno, anthu awiri mwa atatu alionse anati tea. Koma ngakhale kummwera dzina lakale silinafe lonse. Amayi ogawira ana chakudya kusukulu amatchedwa dinner ladies dziko lonse, chonsecho amagawa masana, ndipo Christmas dinner nayo mabanja ambiri amaidya masana.

Wina anganene kuti izi ndi zongocheza nazo pa mowa. Ku ntchito kwathu si choncho. Tinali ndi agogo ena aamuna, amene kale ankayendetsa basi, ndipo matenda oiwalaiwala anali atawagwira kwambiri. Tsiku lina mtsikana wongobwera kudzathandiza, wa Chingerezi chosalala kuposa changa, anawafunsa 5 koloko madzulo ngati anali okonzeka kudya dinner. Agogo anayankha mwaulemu kuti dinner adya kale, zikomo. Sananame, anali atadya 12 koloko. Mtsikanayo anavundikira mbale, kuibweza kukhitchini, n'kulemba m'buku kuti agogo akana chakudya. M'buku limenelo mawu oti "akana" ndi olemera. Akachuluka amafika kwa anamwino, kwa adokotala, kwa ana a munthuyo, ndipo pamayamba misonkhano yokambirana za kuonda ndi mankhwala. Mayi wina wa konkuno, amene wakalambira pa ntchitoyi, anangotenga mbale yomweyo, kuitenthetsa, kukaiika pamaso pawo n'kunena kuti, "Tea's ready, love." Agogo anadzikokera pafupi ndi tebulo, kuitanitsa viniga, n'kumaliza zonse mpaka kupukuta mbale ndi buledi. Matendawa amayamba kufufuta zatsopano. Mawu amene amayi ake a munthu ankamuitanira nawo pakhomo ali mwana amachedwa kuchoka. Ndipo ngati ukufunadi kuwapatsa tiyi wakumwa, kuno umafunsa ngati akufuna brew. Ukafunsa za tea cha m'ma 4 koloko, amayang'ana wotchi n'kukuuza kuti nthawi siinakwane.

Pa buledi ndiye pamakhala phokoso lenileni. Pali kabanzi kozungulira, kofewa, kamene umang'amba pakati n'kuikamo soseji kapena dzira. Pa pepala la m'supamaketi amalemba kuti roll, koma pa kauntala ya ophika buledi palibe amene amawerenga pepala. Kuchoka ku Manchester kupita ku Leeds pa msewu wa M62 ndi mtunda wofanana pang'ono ndi wa Blantyre kukafika ku Zomba, koma pa kamtunda kameneko kabanzika kali ndi mayina anayi. Ku Manchester, Bolton ndi Wigan ndi barm kapena barm cake, dzina la thovu la mowa limene ophika akale ankatupitsira mtanda. Ukangofika ku Oldham ndi Rochdale kasanduka muffin, ndipo kalibe ubale uliwonse ndi kakeke kotsekemera ka m'malo omwera khofi. Ukadutsa mapiri a Pennines n'kutsikira ku Huddersfield, Halifax ndi Bradford, ndi teacake. Ku Leeds ndi breadcake, chimodzimodzinso ku Sheffield ndi Hull. Kwina, ku Leicester kumene kuli anzathu ambiri, ndiponso ku Nottingham ndi Derby, ndi cob. Ku Coventry ndi batch. Madera ena ndi bap, ena bun. A ku Newcastle ali ndi stottie wawo, koma ameneyo ndi wina ndithu, wamkulu, wophwatalala, wolemera m'manja.

Teacake yekhayo ndi msampha. Ku Bradford ndi kabanzi kopanda shuga, koyenera nyama. Madera ambiri a England ndi banzi lotsekemera la mphesa zouma, lowotcha n'kupaka bata. Ku Scotland ndi kabisiketi kokhala ndi thovu loyera lotsekemera pamwamba, kokutidwa ndi chokoleti, kamene a Tunnock's amapanga ku Uddingston. Choncho munthu wa ku Halifax akaitanitsa nyama ya nkhumba mu teacake ali ku London, wogulitsa amamuyang'ana ngati wazungulira mutu. A ku Wigan nawo amatenga payi yathunthu ya nyama ndi mbatatesi n'kuilowetsa m'kati mwa barm wopaka bata. Amati pie barm. Ndinailawa, ndipo pa tsiku lozizira pambuyo pa shifiti ya usiku sindingainyoze.

Chifukwa chimene mayinawa sakufera, m'kuona kwanga, n'chakuti buledi wotere sankayenda mtunda. Ankaphikidwa m'mawa mumsewu womwewo, n'kudyedwa tsiku lomwelo ndi anthu a msewu womwewo, ndipo ankagulidwa ndi pakamwa. Sukulu, nyuzipepala ndi wailesi zinawongola mawu olembedwa, koma sizinalowe m'shopu ya pakona. Masiku ano pawonjezekanso kunyada. Munthu wa ku Wigan amadziwa bwino lomwe kuti kwina amati roll, ndipo amanena barm mokweza dala. Zofanana ndi zimenezi zili pa kamba wa kuntchito: anthu a m'migodi ya ku Yorkshire ankati snap, a ku Durham ndi Newcastle bait, a ku Cornwall crib, ndipo ku Scotland sangweji mpaka lero ndi piece. Migodi inatsekedwa, mawu akadalipo.

Kenako pali pudding, mawu amene sindinawakhululukirebe. Ku Britain munthu akafunsa kuti pudding ndi chiyani lero, akutanthauza chotsekemera chilichonse chodya pomaliza, kaya ndi ayisikirimu, kaya nthochi ndi kasitadi. Koma Yorkshire pudding ndi mtanda wa ufa, mazira ndi mkaka wowotcha mu uvuni, wodyera nyama ya ng'ombe ndi msuzi Lamlungu. Steak and kidney pudding ndi nyama ndi impso. Pease pudding wa ku Newcastle ndi nsawawa zouma zophika mpaka kuphwanyika. Ndipo black pudding, amene tauni ya Bury pafupi ndi kuno imatchuka naye, ndi soseji ya magazi a nkhumba, mafuta ndi balere kapena oats, m'bale wake wa uwende. Abale athu achisilamu ndi a Seventh Day ayenera kulidziwa dzinali asanalandire mbale ya breakfast mwaulemu wa kwathu uja wosafunsa.

Pamenepa palinso nkhani ya ulemerero. Mu 1954 Alan Ross, pulofesa wa zilankhulo ku Birmingham, analemba za mawu amene amasiyanitsa Angerezi a m'mabanja apamwamba ndi ena onse, nawatcha U ndi non-U. Chodabwitsa chake n'chakuti apamwambawo ndi amene amakonda mawu osakometsera. Iwo amati pudding ndi napkin. Amene amati sweet ndi serviette ndi anthu apakati, ofuna kumveka ophunzira. Papita zaka zambiri, koma ana a okalamba athu akabwera kudzaona makolo awo, ndimathabe kumva pa mawu awiri atatu a patebulo kuti uyu anatsala konkuno, uyu anapita ku yunivesite kummwera n'kukwatira komweko. Wina amafunsa amayi ake ngati adya tea, mlongo wake amafunsa za dinner, onse obadwa m'nyumba imodzi.

Nthawi zina dzina la chakudya limakhala ndalama. Ku Britain keke salipira msonkho wa VAT, koma bisiketi yokutidwa ndi chokoleti imalipira. Mu 1991 a McVitie's, kampani yopanga mabisiketi, anakaima pa bwalo loweruza nkhani za misonkho kuti atsimikize kuti Jaffa Cakes, zotsekemera zawo zokhala ndi chokoleti pamwamba, ndi makeke, ngakhale kuti kukula kwake ndi kwa bisiketi ndipo m'shopu amaikidwa pamodzi ndi mabisiketi. Mfundo imene anthu amaikumbukira kwambiri ndi yakuti keke akagona amauma gwa, pamene bisiketi ikagona imafewa. Jaffa Cake amauma. Anapambana mlandu.

Za ku America sindichedwapo, chifukwa ambiri tinaziona kale pa kanema. Chimene Mngerezi amati chips, chipisi chathu cha pachiwaya chija, iwo amati fries, ndipo chips zawo ndi crisps za kuno. Biscuit wawo ndi kabanzi kofewa kodyera msuzi. Mabilingano kuno ndi aubergine, kumeneko eggplant, ku South Africa brinjal. Kadzungu kobiriwira kooneka ngati nkhaka kuno ndi courgette, dzina lochokera ku Chifalansa, kumeneko ndi zucchini, dzina lobwera ndi anthu ochokera ku Italy. Cider kuno amaledzeretsa, kumeneko nthawi zambiri ndi madzi a maapozi oti mwana angamwe. Ngakhale pint, muyezo wa mowa ndi mkaka, siyofanana: ya kuno ndi mamililita 568, ya kumeneko 473. Ana athu obadwira kuno, oleredwa ndi YouTube, ayamba kunena candy ndi cookies, ndipo agogo a ku ntchito kwathu akamva zimenezi kwa zidzukulu zawo amapukusa mutu kuposa mmene amachitira akamva Chingerezi changa.

Mawu a corn okha ndi amene amatikhudza m'mimba. Kwa Mngerezi wakale corn inali mbewu iliyonse ya ufa, makamaka tirigu. Malamulo otchedwa Corn Laws, amene anathetsedwa mu 1846, anali a tirigu ndi mbewu zinzake, osati chimanga chokha. Aamerika ndi amene anapereka dzinali kwa chimanga. Ndiye Mmalawi wongofika kumene, nsima itamusowa, amalowa m'supamaketi n'kuona kabokosi kolembedwa kuti cornflour, mtima n'kukhala pansi. Umenewo si ufa wa nsima. Ndi ufa woyera mbuu, wosalala kwambiri, wolimbitsira msuzi ndi kasitadi, ndipo ukauvundula m'madzi otentha chimatuluka ndi chinthu chonanda chimene sungaumbe mbamu. Ufa wathu umapezeka m'mashopu a Amwenye ndi a anthu a ku Africa, wolembedwa kuti maize meal, kawirikawiri Iwisa kapena White Star wa ku South Africa. Anzathu a ku Zambia ndi Zimbabwe amati mealie meal, ndipo ukatchula dzina limenelo wogulitsa amakulozera shelefu msanga kuposa ukanena maize flour.

Zakumwa nazo zili ndi zake. Chimene ife tonse timangoti Sobo, chosungunula ndi madzi, ku England ndi squash kapena cordial, ku Scotland diluting juice, pamene ku America squash ndi maungu. Zakumwa za gasi kuno ndi pop, ku Glasgow ndi ginger ngakhale mulibe jinja, ku Ireland okalamba amati mineral. Ascotland ambiri chilichonse chotsekemera cha m'botolo, ngakhale Irn-Bru, chakumwa chawo cha gasi, amangoti juice. Munthu wodwala shuga akapempha juice, ine ndimabwera ndi mabotolo awiri kuti aloze yekha, chifukwa madzi a malalanje enieni ndi squash wopanda shuga ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri pa kachipangizo koyezera magazi.

Tsono pakati pa zonsezi pali Chingerezi chathu. Ife timati Irish potatoes pofuna kusiyanitsa kachewere ndi mbatata ya kholowa, ndipo Mngerezi amadabwa, chifukwa kwa iye potato ndi potato basi. Timati groundnuts, iwo peanuts, kapena monkey nuts ngati mtedza uli m'makoko. Masikono athu a pa depoti, ofewa, otupitsa ndi yisiti, akanakhala kuno akanangotchedwa barm. Scone wa Angerezi ndi wina, woyoyoka, wodyera jamu ndi kirimu, ndipo a ku Devon ndi a ku Cornwall amakanganabe kuti choyamba kupaka ndi chiti, a Devon kirimu, a Cornwall jamu. Ndipo timati relish tikamanena ndiwo. Mawu amenewa ndi amene anzanga a ku ntchito amaseka nawo kwambiri, chifukwa kuno relish ndi kachinthu ka m'botolo kopaka pa baga ndi kasupuni. Koma ku Sheffield relish ndi msuzi wakuda wamadzimadzi wa Henderson's, ku America ndi minkhaka yoduladula ya mu viniga. Ngati iwowo aloledwa kusiyana, sindikuona chifukwa choti wathu yekha akhale cholakwa. Chimene chimandinyansa n'chakuti ife timalipira ndalama zambiri kulemba mayeso a Chingerezi tisanapatsidwe viza, mayeso opanda barm kapena brew ngakhale pa tsamba limodzi, ndiye tikafika n'kusokonezeka pa kauntala, anthu amati vuto ndi Chingerezi chathu. Mngerezi wa ku Kent, kummwera, akasokonezeka pa kauntala yomweyo amangoseka naye.

Relish tinamufuna chifukwa mbale ya Mngerezi ndi yathu zinakhala mosiyana. Kwa iwo nyama ndiye chakudya, ndipo mbatatesi ndi masamba ndi zoperekeza. Eni ake amati meat and two veg. Kwa ife nsima ndiye chakudya, ndipo nkhuku, ngakhale yonona bwanji, imangoperekeza. Chingerezi cha ku England chinalibe dzina la chinthu chimene chingakhale usipa lero, nkhwani mawa, nyama ya mbuzi mkuja, n'kukhalabe chinthu chimodzi, choncho kwathu anatenga mawu amene analipo n'kuwapatsa ntchitoyo. Pa nthawi yopuma, mayi wa "Tea's ready" uja akaona ndikutsegula bokosi langa amafunsa kuti dinner ndi chiyani lero. Ndimati nsima ndi relish. Masiku ano sasekanso, amangofunsa kuti relish wake ndi wa mafupa kapena wa masamba, chifukwa usipa anaulawa kamodzi ndipo sanagwirizane nawo.